Kimberly Akimbo: amene mwaonera, makolo a mtsikana uja mukuwaweruza bwanji?

Anabanda:
Abale, mwaswera bwanji nonse. Alipo pagulu pano amene waonera Kimberly Akimbo, sewero la nyimbo lija linayamba kuzungulira m'mizinda ya muno mu America mu 2024? Ine ndaonera Loweruka lapitali ndi mwana wanga wamkazi, ndipo ndikusowa wokambirana naye. Amene simunaonere ndipo simufuna kumva mathero, dumphani, chifukwa ndiulula zonse.

Nkhani yake ikuchitika mu 1999 ku Bergen County, ku New Jersey. Mtsikana wina, Kimberly Levaco, watsala pang'ono kukwanitsa zaka 16, koma anabadwa ndi matenda amene amakalambitsa thupi mofulumira kuposa kanayi poyerekeza ndi anzake. Ndiye pasiteji mukuona mayi wa thupi la zaka za m'ma 70 atabereka chikwama cha mabuku, akuchita manyazi pamaso pa mnyamata wa m'kalasi mwake. Iye akudziwa bwino kuti anthu a matenda akewo ambiri amathera pa zaka 16 zomwezo. Bambo ake, Buddy, ndi chidakwa. Mayi ake, Pattie, ndi oyembekezera, manja onse awiri ali m'pulasitala, ndipo kukacha amadzipezera nthenda ina yoti adandaule nayo. Banjali lathawa ku Lodi mwadzidzidzi pa chifukwa chimene mwanayo sakuuzidwa. Kenako kukutulukira anti ake, Debra, m'bale wake wa Pattie, kathyali weniweni, atawalondola mpaka kuwapeza.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma pobwerera kunyumba mtima unali ukuwira ndi makolo awiri aja. M'nyumba monse muja, amene akuganiza ngati munthu wamkulu ndi mwana wodwalayo. Ndi iye amene waika botolo loti aliyense akatukwana aziponyamo ndalama. Ndi iye amene akudyetsa mayi ake. Kodi ndine ndekha amene ndakwiya chonchi?

Mphatso:
Anti, simuli nokha ayi! Ine ndinaonera ku New York mu 2023, ku Booth Theatre, Victoria Clark akadali Kimberly. Tikiti ndinagula yotsika mtengo pa TKTS ku Times Square. Holo ija ndi yaing'ono poyerekeza ndi ena a pa Broadway, ndiye nkhope zawo mumaziona bwinobwino. Mayi uja anali ndi zaka 63 pamene ankalandira Tony, mphotho yaikulu ya masewero a pasiteji muno mu America, chaka chimenecho, koma pakangotha mphindi zochepa mumaiwaliratu. Mmene amakokera manja a juzi, mmene amayang'anira pansi Seth, mnyamata wa m'kalasi mwake uja, akamamuyankhula, ndi mtsikana wa kusekondale ndithu. Osewera onse alipo 9 okha basi, ndipo amatsetsereka pasiteji atavala nsapato za pa ayisi pomwe pansipo si ayisi weniweni. Pamenepo holo yonse inakuwa.

Anabanda:
Ife tinaonera Carolee Carmello, amene anayamba nalo ulendowu ku Denver mu September 2024. Mawu ake ndi amphamvu zedi, koma amawabweza dala kuti amveke ngati a mwana.

Ambewe:
Pepani achemwali, ine sindinaonere, koma mmene mukufotokozeramu zikundivuta. Mwana akufa, bambo chidakwa, mayi osasamala, ndiye anthu alipire madola ambirimbiri kukaseka? Ine ndikanadzuka n'kutuluka. Pali zinthu zina zosayenera kuchitira nthabwala.

Anangozo:
Achimwene a Mbewe, ndikumvetsa, koma lolani ndiyankhe monga munthu amene ndagwira ntchito ya unesi m'mawodi a ana. Mabanja amene akhala ndi wodwala kwa zaka zambiri amaseka kwambiri, ndipo nthabwala zawo zina mlendo akazimva amachita mantha. Munthu sangalire zaka 16 mosalekeza. Seweroli lagwira zimenezo molondola. Ndipo onetsetsani, palibe pamene tikuseka Kimberly chifukwa cha thupi lake. Tikuseka akuluakulu omuzungulira, mmene aliyense akuzembera kuyang'ana chimene chili poyera.

Ndiwonjezepo pang'ono za matendawo, chifukwa anthu akutuluka m'holo akunena kuti ndi progeria. Wolemba, David Lindsay-Abaire, sanawatchule dzina, ndipo amene ali m'seweromo ndi ongopeka, ongofanana nayo. Progeria yeniyeni, imene madokotala amati Hutchinson-Gilford, imabwera chifukwa cha kusokonekera kwa jini imodzi yotchedwa LMNA, ndipo zimenezi zinadziwika mu 2003. Ana ake amakhala ochepa thupi, tsitsi limathothoka, mitsempha ya magazi imauma msanga, ndipo ambiri amamwalira ndi mtima kapena sitiroko ali ndi zaka pafupifupi 14 kapena 15. Nzeru zawo zimakhala zabwinobwino. Mankhwala oyamba, lonafarnib, anavomerezedwa ndi FDA, bungwe la boma la America loona za mankhwala, mu November 2020, ndipo sachiritsa, amangowonjezera nthawi. Chachikulu n'chakuti progeria kawirikawiri sichokera kwa makolo, imangoyambira mwa mwanayo. M'seweromo aisandutsa nthenda ya kumtundu, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse ya mimba ya Pattie.

Anaphiri:
Moni kuchokera kuno ku Joni. Ine pasiteji sindinalione, ndangomvera nyimbo zake zonse pa Spotify ndi kuwerenga nkhani yake. Anangozo mwandikumbutsa Ontlametse Phalatse, mtsikana wa kuno amene anali ndi progeria. Anamwalira mu April 2017 ali ndi zaka 18, atapitirira zaka zimene madokotala ankayembekezera. Tinkamuona pa TV, wovala bwino, woyankhula molimba mtima, wokonda kuseka. Ndikamamvera Kimberly ndimamva mtima womwewo. Ndiye a Mbewe, anthu otere alipo, ndipo chimene amadana nacho kwambiri ndi kuwayang'ana ndi nkhope ya pamaliro iwo akadali moyo.

Ambewe:
Za mwana wa ku Joniyo ndikumukumbuka. Chabwino, pitirizani, ndikumvetsera.

Achisale:
Ine ndinaonera ndi mayi akunyumba, ndipo ndiima kumbali ya Buddy ngakhale ndikudziwa kuti mundigenda. Anabanda, taganizani. Mwamuna uyu anabereka ali mnyamata. Mwana akadali wakhanda anauzidwa kuti adzamuika m'manda asanamalize sekondale. Chaka chilichonse tsiku lobadwa likafika, anzake amawerengera kutsogolo, iye amawerengera zotsala. Ndani wa ife anaphunzitsidwa kusenza katundu wotere? Mowa uja ndi kothawira. Sindikuti n'zabwino, koma si munthu wouma mtima. Kumbukirani m'galimoto muja akuperekeza Kimberly ndi Seth kusukulu. Akuona mwana wake akusekerera ndi mnyamata koyamba, akufuna kukondwa, koma mantha amugwira pakhosi kuti mnyamatayo adzamuswera mtima. Anthu m'holo ankaseka mmene ankayendetsera galimoto, ine ndinali chete, chifukwa ndili ndi ana aakazi. Ndipo pa tsiku lobadwa la mwanayo analonjeza kusiya mowa, n'kuyesadi kwa kanthawi.

Anabanda:
Bambo Chisale, ndimakulemekezani, koma ayi. Seweroli likungoyamba kumene, mwana ali pamalo otsetserekera pa ayisi paja, anzake onse apita, iye akudikira bambo ake kwa maola, kunja kukuzizira, thupi lake ndi la gogo. Bamboyo akufika ataledzera, n'kuyamba kumuphunzitsa bodza loti akanene kwa mayi ake. Mantha ake ndikuwamva, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene akufa ndi mwanayo. Ngati iye akutha kudzuka m'mawa, kupita kusukulu, kukhala pakati pa ana amene amamuyang'ana modabwa, bambo ake akulephera chiyani kufika pa nthawi yake?

Achisale:
Sindikukana. Ndikungoti wolembayo sanamupange chilombo, ndipo n'chifukwa chake zikupweteka. Akanakhala bambo wankhanza womenya ana, tikanangomuda n'kupita kwathu mtima uli m'malo. Koma uyu amamukonda mwanayo, ndipo chikondicho sichikumufikira.

Mphatso:
Ankolo, pamenepo ndikugwirizana nanu. Koma ine pondigwira mtima kwambiri ndi pa kalata ija. Kimberly akulembera a Make-A-Wish, bungwe lija limakwaniritsa zofuna za ana odwala kwambiri. Akuyamba ndi maloto aakulu a mtsikana aliyense, kenako akufika pa chimene akufunadi, choti banja lake likhale pa tebulo limodzi n'kudya chakudya chophika pakhomo ngati anthu. Akuona yekha kuti chimenecho palibe bungwe lingamupatse, ndiye akungopempha kanyumba ka mumtengo. Mnzanga amene ndinapita naye anabadwira konkuno, ndipo analira kuposa ine. Anati kwawo sakumbukira tsiku limene anadyera pamodzi popanda kukangana.

Amake Yamikani:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinaonera ndekha, ndipo mwina zinali bwino choncho.

Kwathu tinali ndi mlongo wanga wamng'ono amene anali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell. Ubwana wanga wonse ndimaukumbukira ndi fungo la kuchipatala. Mayi anali gadiyani wosatha, ine ndinkaphika ndi kuwatengera chakudya ndisanapite kusukulu. Palibe anandizunza, palibe anandimana kanthu, koma palibenso anandifunsapo kuti mayeso ayenda bwanji. Ndinaphunzira kukhala mwana wosavutitsa, chifukwa m'nyumba munali kale vuto lokwanira. Ndiye ine m'seweroli ndinadziona mwa Seth. Mnyamata woimba lipenga lalikulu lija amati tuba, wokonda kusinthanitsa zilembo za m'mawu kuti apange mawu ena, mayi ake anamwalira, bambo ake sakumulabadira. Ali ndi nyimbo yake imene akudzifunsa kuti kukhala mwana wabwino zaka zonsezi kwamupindulira chiyani. Nditaimva ndinagwira pakamwa kuti oyandikana nane asamve.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi cha makolo. Mayi anga ankamukonda mlongo wanga kuposa moyo wawo, komabe panali masiku amene sankatha kumuyang'ana kumaso. Ankayang'ana mankhwala, thupi ngati latentha, maso ngati achita chikasu. Iye anandiuzapo kuti, achemwali, amayi amaona matenda anga, ine sandiona. Anamwalira ali ndi zaka 19. Ndiye pamene Kimberly chakumapeto akuuza makolo ake kuti asiye kulira mwana amene ankamufuna uja, ayang'ane amene ali patsogolo pawo asanapite, ine ndinamva mawu a mlongo wanga. Anabanda, mkwiyo wanu ndi woona. Bambo Chisale, chisoni chanu n'choonanso. Ine ndinakhala nazo zonse ziwiri m'nyumba imodzi.

Anangozo:
Pepani kwambiri amake Yamikani. Zikomo potikhulupirira ndi nkhani imeneyi.

Anabanda:
Pepani mayi. Mzimu wa achimwene uuse mumtendere. Mwandipangitsa kuganizanso, ngakhale pa Pattie pokha mtima wanga sukusuntha.

Anaphiri:
Tandifotokozereni bwino za Pattie, chifukwa pa nyimbo zokha zimamveka zoseketsa. Akujambula vidiyo yoti mwana wosabadwayo adzaonere, eti?

Anabanda:
Eya, ali ndi kamera ya vidiyo ya nthawi imeneyo, ndipo akuyankhula ndi mimba yake mokoma, mawu amene Kimberly sawamvapo. Amakhulupirira kuti iye ndi amene ali pafupi kufa, pomwe mwana wake weniweni akutha pamaso pake. Poyamba mumaseka. Kenako pa chakudya chamadzulo, tsiku limene banja lakhaladi pa tebulo limodzi monga mwanayo ankafunira, chinsinsi chikuphulika. Mimba ija si ya Buddy. Pattie anagona ndi bambo wina woyandikana naye nyumba ku Lodi n'cholinga choti mwana wachiwiriyu asadzabadwe ndi matenda a Kimberly, ndipo chipwirikiti chimene chinatsatira, Debra ali pakati, ndi chimene chinawathamangitsa kumeneko. Tangoganizani kumva zimenezo uli ndi zaka 16. Mayi ako anachita zonsezo kuti asaberekenso wina ngati iwe. Mwanayo akukomoka pomwepo, mpaka kuchipatala. Holo yonse inangoti zii.

Anangozo:
Apa ine ndisiyana nanu pang'ono, achemwali. Kusafuna kuti mwana wachiwiri adwale si tchimo. Ndaonapo makolo a ana a sickle cell atakhala ndi dokotala akuuzidwa kuti pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nayo. Ena amasiya kubereka, ena amapitiriza, ena mabanja amatha. Palibe chisankho chopepuka pamenepo, ndipo sindingaweruze mayi amene waona ululu wa mwana mmodzi n'kunena kuti sindingathenso. Njira imene Pattie anasankha ndi yopusa, inde. Koma cholakwa chake chachikulu ine ndikuchiona pena. Wayamba kukhala ngati woyambayo wapita kale. Mtima wake wonse wasamukira kwa amene akubwerayo.

Amake Yamikani:
Ndi zimenezo ndithu. Ndipo umboni wake ndi chipinda chija. Kimberly akutuluka m'chipatala, akufika kunyumba, akupeza chipinda chake achikonza kale kukhala cha khanda. Zili ngati kugawana zovala za munthu iye akadapuma. Pamenepo ngakhale a Chisale sangamuikire kumbuyo Buddy, chifukwa anagwira nawo ntchitoyo.

Achisale:
Pamenepo ndilibe mawu, mayi. Mayi akunyumba anandigwira dzanja mwamphamvu pa malo amenewo. Ndinganene chabe kuti sankayembekezera kuti abwerako, ndipo m'malo mokhala pambali pa bedi lake anathamangira kukonza za mawa. Ndi mantha omwe aja, koma apa afika poipa.

Ambewe:
Mwandikopa pang'ono, koma ndafufuza nkhani yake ndipo pali china. Akuti ana asukulu akuba macheke, ndipo mathero ake mtsikanayo akuthawa ndi ndalama zakuba, anthu n'kumaomba m'manja. Zimenezi ndiye tikuphunzitsa ana athu? Kuba makalata muno ndi mlandu wa boma lalikulu, si masewera. Mu 2023 boma linachita kuchenjeza mabanki kuti kuba macheke m'makalata kwachuluka. Mayi wina wachikulire amene ndimamuthandiza anaberedwa choncho, cheke cha lendi chinasinthidwa dzina ndi ndalama, ndipo anavutika miyezi kuti zikonzeke.

Mphatso:
Ankolo, n'zoona, ndipo m'seweromo amaonetsadi mmene zimachitikira. Debra akukoka bokosi lonse la makalata la mumsewu kulowa nalo m'nyumba, kenako akuphunzitsa ana aja kufufuta inki pa cheke ndi mankhwala n'kulembapo zina. Ana anayi a kwaya ya kusukulu kwa Kimberly akulowa nawo chifukwa akufuna ndalama zogulira zovala za mpikisano. Bonnie Milligan, amene ankasewera Debra ku New York, analandira Tony pa gawo limeneli, ndipo akayamba kuimba simungathe kumuda ngakhale mukudziwa kuti ndi wakuba. Koma taonani chimene Debra akufuna kwa Kimberly. Akufuna nkhope yake. Akumuveka zovala za agogo kuti akalowe m'banki, chifukwa palibe angakayikire mayi wokalamba. Mphindi imene akutuluka atavala zimenezo, kuseka konse kumatha, chifukwa kwa nthawi yoyamba mukuona chimene anthu a mumsewu amaona. Makolo ake ataima n'kumuyang'ana, nawonso akuona zomwezo.

Anabanda:
Mphatso wanena bwino. A Mbewe, ine sindinatuluke ndi maganizo oti kuba n'kwabwino. Ndinatuluka ndikuganiza kuti mwa akuluakulu atatu a m'nyumba muja, mmodzi yekha amene anaona kuti Kimberly ali ndi phindu ndi wakubayo, ndipo phindu lake linali lomugwiritsa ntchito. Mwanayo atatenga ndalamazo n'kunyamuka ndi Seth kukaona dziko, ine ndinaomba nawo m'manja. Ndinaombera kuti wasiya kudikira anthu amene sadzasintha.

Ambewe:
Koma eni macheke aja ndi anthunso, achemwali. Wina mwa iwo ndi gogo weniweni.

Anangozo:
Apa a Mbewe akunena zoona, ndipo seweroli silikuwayankha. Eni macheke sitiwaona n'komwe. Ine ndimalikonda, koma pamenepa linadutsa mothamanga.

Anaphiri:
Ine funso langa ndi lina. Mayi wa zaka za m'ma 60 ndi mnyamata wamng'ono kukhala pachibwenzi pasiteji, sizinakuchititseni nthumanzi? Pomvera nyimbo sizivuta, koma ndi maso?

Mphatso:
Anti, ndinkaopa zomwezo ndisanalowe. Justin Cooley, amene anayamba kusewera Seth, anali atangomaliza kumene sekondale pamene anamutenga mu 2021, seweroli likuyambira ku Atlantic Theater Company lisanapite pa Broadway. Koma mmene analikonzera, chibwenzi chake ndi cha ana awiri amanyazi amene sakudziwa poika manja. Amakhala mu laibulale kusewera ndi zilembo. Kupsompsonana kulipo kamodzi, chakumapeto, kwakanthawi kochepa, ndipo pofika pamenepo mumakhala mukumufunira mtsikanayo zimenezo ndi mtima wonse. Seth ndi yekhayo amene amamufunsa mafunso okhudza matenda ake mosazungulira, mpaka kumupempha kuti achite limodzi ntchito ya m'kalasi ya sayansi pa matenda akewo. Ena onse amachita ngati sakuona, iye amangofunsa, ndipo Kimberly amapumira pamenepo.

Anabanda:
Ntchito ya m'kalasi ija! Anzawo akufotokoza matenda amene anafufuza moseketsa, kuvina ndi kuimba za scurvy, ndiye ikufika nthawi ya Kimberly. Akuyamba bwinobwino, kenako zikumukwana, akutembenukira anzakewo n'kuwauza kuti nawonso akudwala, nthenda yawo ndi unyamata, koma iwo akamakula achira, pomwe iye kukula komweko ndi kumene kukumupha. Mwana wanga ali ndi zaka 15, ndipo masiku ano chilichonse ndi tsoka kwa iye, ziphuphu, anzake, foni. Pamenepo anandiyang'ana. Sindinanene kanthu. Sindikufuna kuti aziona ngati mavuto ake ndi achabe chifukwa wina akufa, ndipo seweroli silinenanso zimenezo. Ana anayi a kwaya aja aliyense akukonda mnzake amene akukonda wina, akuvutika zenizeni, ndipo wolembayo sakuwanyoza.

Amake Yamikani:
Pali malo ena aang'ono amene anthu ambiri sawatchula. Ana aja akucheza za mtsogolo, wina adzapita ku koleji, wina adzasamuka ku New Jersey osabwereranso, ndipo Kimberly ali pomwepo, akumwetulira, alibe choponyapo. Palibe akumuchitira nkhanza. Angoiwala. Mlongo wanga ankakhala chimodzimodzi ife tikamakamba za maukwati athu.

Achisale:
Nyimbo zake nazonso tizitchule. Jeanine Tesori, amene anazipeka, ndi katswiri. Ine sindidziwa zambiri za nyimbo za pasiteji, koma ndinazindikira kuti sakukakamiza kulira. Malo amene wina akanaika zoimbira zambiri zokweza, iye amangosiya mawu a munthu ndi zoimbira zochepa. Ndipo nyimbo ya pa tebulo ija imayamba mokoma, banja likuseka, koma ana a kwaya ali pambali akuchenjeza kuti zisintha posachedwa. Mumadziwa kuti zikubwera, mukupemphera kuti zisabwere.

Mphatso:
N'chifukwa chake linatenga ma Tony 5 mu June 2023, ankolo, kuphatikizapo ya sewero la nyimbo lopambana onse, ya nyimbo, ndi ya kalembedwe. Linapambana masewero aakulu okhala ndi ovina ambirimbiri. Ndipo nkhaniyi si yatsopano, Lindsay-Abaire anailemba kale ngati sewero wamba lopanda nyimbo cha m'ma 2001, n'kudzaibwerera patapita zaka pafupifupi 20. Pa Broadway linatsegulidwa mu November 2022 n'kutseka mu April 2024.

Amake Tamanda:
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito ya usiku. Ndawerenga zonse. Wanga ali ndi zaka 12, ndingapite naye?

Anabanda:
Achemwali, ine ndingati dikirani pang'ono, kapena mukaonere kaye nokha. Kutukwana kulipo kwambiri, makamaka Debra ndi makolo aja, botolo lija silikhala lopanda kanthu. Pali nkhani ya mimba ya kunja ija, pali mowa, ndipo mwa ana a kwaya aja muli mnyamata wokonda mnyamata mnzake ndi mtsikana wokonda mtsikana mnzake. Ndikukuuziranitu kuti musakadzidzimuke muli m'holo, mukonzekere mafunso a pobwerera. Wa zaka 14 kapena 15 ndikuona kuti n'zotheka, malinga ndi mwana wake.

Anangozo:
Ndiwonjezere kuti ngati m'banja muli mwana wodwala matenda okhalitsa, kapena mwangotaya kumene munthu, muganize kawiri ndipo mumufotokozere nkhani yake asanalowe. Kimberly samwalira pasiteji, seweroli limatha iye ali pa ulendo, akusangalala. Koma mwana wodwala amadziwa kuwerengera, adzamvetsa chimene chikubwera.

Amake Tamanda:
Zikomo, ndiyamba ndaonera ndekha.

Achisale:
Ine chimene takhala tikukangana ndi mayi akunyumba ndi khanda lija. Iwo akuti Buddy ndi Pattie aphunzirapo kanthu, mwana wachiwiriyu adzaleredwa bwino. Ine ndikufuna kukhulupirira zimenezo, chifukwa mwamuna uja anavomera kulera mwana amene akudziwa kuti si wake, ndipo zimenezo si zazing'ono.

Anabanda:
Bambo Chisale, aphunzira liti? Buddy analonjeza kusiya mowa, sanapirire. Pattie akufuna mwana woti amuchiritse iye mtima, ndipo khanda silingagwire ntchito imeneyo.

Amake Yamikani:
Ine ndikuopera khandalo kuposa mmene ndikuoperera Kimberly. Lidzakula ndi thupi labwino, inde, koma m'chipinda cha mkulu wake, ndi makolo omwe aja, ndipo amene ankatolera ndalama za kutukwana ndi kukumbutsa anthu kudya sadzakhalapo. Tsiku lina lidzafunsa kuti bambo anga enieni ndani, ndipo ndinabadwiranji. Mayankho onse awiri ndi olemera. Ndikanakonda wina atalemba sewero la mwana ameneyo ali ndi zaka 16.

Ambewe:
Likafika kuno ndikaonera. Koma za macheke zija tidzakambirananso, sindinagonje.

Anangozo:
Mukakaonera mudzatiuze ngati munaomba m'manja pamene akunyamuka ndi ndalamazo, achimwene. Ine ndinaomba, ndipo gogo wanu wa cheke cha lendi uja ndamuganizira lero lonse.